Bwana, RAID si backup

Pali chiganizo chimodzi chomwe ndimalakalaka chitaletsedwa m'zipinda zonse zochitiramo misonkhano, kuyambira ku Capital Hill mpaka ku kakampani ka anthu khumi ku Limbe: "Musadandaule, seva yathu ili ndi RAID." Amayamba kuchinena ndi wogulitsa makina, tayi ili pakhosi. Mkulu wa zachuma akachimva amachinyamula n'kukachitula ku bodi, ndipo bodi imagwedeza mitu n'kudula ndalama ya backup pa bajeti. Kuyambira tsiku limenelo malipiro a antchito, mabuku a ngongole, mafayilo a odwala ndi makalata a malo zimakhala m'bokosi limodzi, m'chipinda chimodzi, pa waya umodzi wa magetsi, aliyense akugona tulo tofa nato.

Chokwiyitsa n'chakuti eni ake a njirayi sanalonjezepo zimenezo. Mu 1988, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku University of California, Berkeley, anafalitsa pepala lofotokoza kuti madisiki ang'onoang'ono otchipa, ukawalumikiza ambiri, angapikisane ndi chidisiki chodula cha makompyuta akuluakulu a nthawi imeneyo. Vuto lake analiona okha: madisiki akachuluka, sipatenga nthawi kuti imodzi ife. Ndiye anati pazilembedwa zina zapadera zoti disiki ikafa, seva isaime. Funso lomwe ankayankha linali limenelo basi. Za moto, za mbava, za munthu wotopa amene wafufuta zinthu molakwitsa usiku, sanali kunena.

Kagwiridwe kake sikovuta monga momwe ogulitsa amafunira kuti muganizire. Pa RAID 1, chilichonse chimalembedwa pa madisiki awiri nthawi imodzi. Pa RAID 5, yomwe imafuna madisiki osachepera atatu, makina amasunganso chiwerengero chothandiza kupeza chomwe chasowa: mukadziwa kuti nambala ziwiri zikaphatikizidwa zimakwana 12, ndipo imodzi ndi 7, yotayikayo mwaidziwa kale. Masamu enieni ndi ena pang'ono, koma nzeru yake ndi yomweyi, ndipo imapirira disiki imodzi yokha ikafa. RAID 6 imapirira awiri. RAID 0 ndi dzina chabe: imamwaza zinthu pa madisiki onse kuti liwiro likwere, ndipo imodzi ikafa zonse zapita. Amene anayika RAID 0 pa seva ya malipiro afotokoze yekha chimene ankaganiza.

Tsono onani chomwe chikusowa. RAID siisankha. Ili ngati buku la malisiti lokhala ndi kaboni: mukalemba nambala yolakwika pamwamba, pansi ituluka yolakwika yomweyo, ndipo bukulo likanyowa masamba onse awiri anyowera limodzi. Mukafufuta fayilo, imafufutika pa madisiki onse m'kanthawi komweko, mokhulupirika, mosafunsa. Kumapeto kwa 2008 tsamba la Journalspace, pomwe anthu ankasungapo zolemba zawo, linatsekedwa chifukwa cha zimenezi. Madisiki ake awiri anali amoyo bwinobwino. Zomwe zinali mu database zinalembedwa pamwamba, disiki yachiwiri inakopera chiwonongekocho, ndipo kunalibe kwina kokatenga.

Ifeyo sitikufunika kuphunzira zimenezi kwa azungu. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ofufuza anapeza kuti malipiro ankalowetsedwa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, macheke n'kutuluka, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa. Palibe disiki yomwe inkafunika kufa kuti umboni usowe. Mu Febuluwale 2024, yemwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowedwa ndi mbava za pa intaneti zofuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Pa umbanda wamtundu wofuna dipo, mbava zimatseka mafayilo ndi kiyi wawo, ndipo seva imalemba mafayilo otsekedwawo pa madisiki onse, nyali zonse zili zobiriwira. Kwa RAID, limenelo ndi tsiku labwino: palibe chafa.

Ena anena kuti, chabwino, koma pa ntchito yake yeniyeni RAID ndi yodalirika. Inenso sindingayendetse seva yofunika popanda iyo. Koma timvetsetsane za chimene imakupatsani disiki ikafa. Imakupatsani mpata, ndipo mpatawo ndi wochepa komanso woopsa.

Tengani seva ya madisiki 6 a 8 TB pa RAID 5. Imodzi yafa, mwayika yatsopano. Kuti makina amangenso zomwe zinali pa yakufayo, ayenera kuwerenga madisiki 5 otsalawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, 40 TB yonse, osaphonya pena paliponse. Tsono tsegulani pepala la wopanga disikiyo. Madisiki ambiri otchipa amalembedwa kuti angalephere kuwerenga biti imodzi pa mabiti 100 thililiyoni, womwe ndi mulingo wa pafupifupi 12.5 TB. N'zoona kuti madisiki ambiri amachita bwino kuposa chomwe chalembedwa pa pepalapo. Koma inu mwasanjika chuma cha bungwe lonse pa chiyembekezo choti disiki ichita zoposa zomwe mwini wake analonjeza, ndipo pa RAID 5 yopunduka kale palibenso china chokuwombolani. Wolemba za makompyuta Robin Harris anachenjeza za masamu amenewa mu 2007, madisiki akadali ang'ono. Lero kuli madisiki a 16 TB ndi kupitirira. Disiki yotere, ngakhale ikulembedwa pa liwiro la 200 MB pa sekondi osapuma, imatenga maola oposa 22 kuti idzale, ndipo pa seva yomwe anthu akuigwiritsa ntchito masana zimatha kufika masiku angapo. Nthawi yonseyo madisiki okalamba aja akuthamangitsidwa kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wawo.

Ndipo okalambawo ndi a msinkhu umodzi. Anagulidwa tsiku limodzi, pa invoisi imodzi, anachokera m'fakitale imodzi, atenthedwa ndi kutentha kumodzi kwa Okutobala pomwe eyakoni inafa. Masamu a RAID amatenga ngati disiki iliyonse imafa payokha, mosakhudzana ndi inzake. Mu Novembala 2019 kampani ya HPE inachenjeza makasitomala ake kuti ma SSD ena anali ndi vuto m'pulogalamu yawo yamkati: akakwanitsa maola 32,768 akugwira ntchito, zomwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, amafa, ndipo zomwe zili mkati sizibwezeka. Oyatsidwa tsiku limodzi amafa pafupifupi nthawi imodzi. Kaya ndi RAID 6, kaya RAID ina iliyonse, pamenepo palibe yothandiza. Chomwe chinapulumutsa anthu chinali kuwerenga chenjezo n'kuyika pulogalamu yokonzedwa nthawi isanakwane. Ndani ku ofesi kwanu amawerenga machenjezo otere?

Musadalirenso kuti disiki idzakutsanzikani. Akatswiri a Google, atafufuza madisiki oposa 100,000, anafalitsa mu 2007 kuti pa madisiki omwe anafa, 36 pa 100 aliwonse sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART, njira yomwe disiki imadziyezera thanzi. Anapezanso kuti disiki yomwe yaonetsa vuto loyamba pofufuza mkati mwake imakhala pa chiopsezo chochuluka ka 39 chofa m'masiku 60 otsatira. Ndiye ena amafa chete, ena amakuwa. Tsoka lathu n'lakuti ngakhale okuwawo sitiwamva.

Apa ndi pomwe ndikufuna kulankhula ndi mabwana, chifukwa mlandu waukulu ndi wanu. Nyali ya disiki yasanduka yachikasu. Mnyamata wa IT walemba memo. Memoyo yapita kwa mkulu wa dipatimenti, yemwe ali ku msonkhano kunyanja. Yabwerako ndi mawu akuti pafunika makoteshoni atatu. Makoteshoni apezeka, koma komiti yogula zinthu ikhala mwezi wamawa. Komiti yavomera, wogulitsa akuti disiki ya mtundu umenewo ndi yoitanitsa kunja ndipo foreksi ikuvuta, komanso mtengo wa pa koteshoni ija unatha ntchito. Pofika apa seva yatha miyezi ikuyendera mwendo umodzi, ndipo chifukwa maimelo akubwera ndipo malipiro akutuluka, inu mukuti mnyamatayo amakonda kuopseza anthu. Tsiku lomwe disiki yachiwiri idzafe, mudzamuitana mu ofesi n'kumufunsa kuti, "Iwe, sunatiuze bwanji?" Anakuuzani. Memo yake ili mu thireyi yanu, pansi pa mafomu a alawansi.

Disiki yosungira pambali imagulidwa tsiku lomwe mukugula seva, osati tsiku la maliro. Imodzi ikhale yolumikizidwa kale m'makinamo kuti ilowe m'malo yokha, ina ikhale m'kabati. Mtengo wake sufika pa alawansi ya anthu ochepa ogona masiku atatu ku Mangochi kukakambirana za "kupititsa patsogolo luso lamakono". Ndipo pa madisiki akuluakulu a masiku ano, amene akukugulitsanibe RAID 5 pa zinthu zofunika akukugulitsani nzeru ya zaka 20 zapitazo pa mtengo wa lero.

Za magetsi ndinene mwachidule, poti tonse timazidziwa. Sitinaiwale momwe namondwe Ana anazimitsira Kapichira mu Januwale 2022. Pa RAID 5 ndi 6, magetsi akathima makina atalemba zinthu koma asanalembe chiwerengero chotetezera chija, ziwirizo zimasiyana mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira tsiku lomanganso. N'chifukwa chake khadi yoyendetsa madisiki imakhala ndi batire yake. Batireyo imakalamba ngati ina iliyonse, ya UPS chimodzimodzi. Njira ngati ZFS, yomwe Sun Microsystems inatulutsa mu 2005, inapangidwa kuti itseke mpata umenewu komanso kuti izidziwa fayilo ikawonongeka mkati. Ndi yaulere. Chomwe imafuna ndi munthu wopatsidwa nthawi yoiphunzira.

Anzanga a IT, musaombe m'manja, inunso muli momwemo. Pa Linux, kungoyang'ana mu /proc/mdstat kumakuuzani zonse: [UU] ndiye kuti bwino, [U_] ndiye kuti imodzi yagwa. Pulogalamu ya mdadm imatha kutumiza imelo disiki ikafa. Koma imeloyo ikupita kuti? M'malo ambiri ikupita ku adiresi ya munthu yemwe anasiya ntchito kalekale. Ndipo backup yomwe mumanyadira ija, munayesapo liti kubwezeretsa chinthu kuchokera mmenemo?

Nkhani ya GitLab iyenera kuwerengedwa ndi aliyense wogwira kiyi wa chipinda cha seva. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampaniyo, akukonza vuto usiku, anafufuta database pa seva yolakwika. Mwa pafupifupi 300 GB panatsala 4.5 GB. Kampaniyo inali ndi njira 5 zosungira ndi kukopera zinthu, ndipo pa ola lofunikalo panalibe yomwe inkagwira ntchito monga ankaganizira. Ina inali itasiya kale kugwira chifukwa pulogalamu yokopera inali yakale kusiyana ndi database, ndipo maimelo onena za kulepherako ankakanidwa panjira osafika kwa munthu aliyense. Anapulumukira pa kope lomwe linatengedwa maola pafupifupi 6 m'mbuyo pa zifukwa zina, ndipo ntchito ya maola amenewo inatayika. Awa ndi anthu omwe ntchito yawo ndi makompyuta, ndipo anali ndi kulimba mtima kolemba zonse poyera. Inu amene backup yanu ndi disiki yolumikiza pa USB, yomwe ili pamwamba pa seva yomweyo, mukudalira chiyani?

Lamulo lakale la 3-2-1 silinathe ntchito: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Masiku ano onjezani kuti limodzi likhale losalumikizidwa ku netiweki, kuti mbava ikalowa isalifikire. Kutali kutanthauza kutali. Pa 10 Malichi 2021 moto unapsereza nyumba ya maseva ya OVHcloud yotchedwa SBG2 mu mzinda wa Strasbourg ku France, ndipo makasitomala ena anazindikira m'mawa mwake kuti backup yawo inali pamalo omwewo. Ngati likulu lanu lili ku Lilongwe, kope lina ligone ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo bwana mwini wake asankhe fayilo ya chaka chatha, alamule kuti ibwezeretsedwe kuchokera ku kope lakutalilo, wotchi ili m'manja.

Yankho lomwe ndimalidziwa kale n'lakuti zinthu zathu zachuluka, backup ndi yodula. Boma la South Korea linali ndi chifukwa chomwecho. Pa 26 Seputembala 2025 moto woyambira pa mabatire unabuka pa malo a maseva a boma mu mzinda wa Daejeon, ndipo ntchito za boma zoposa 600 za pa intaneti zinaima. Zambiri zinali ndi kokatenga. G-Drive, momwe antchito a boma ankasungamo mafayilo awo, inalibe backup yakunja, ati chifukwa inali yaikulu kwambiri: 858 TB. Tepi imodzi ya LTO-9 imasunga 18 TB osapanikiza. Gawani nokha. Matepi 48, oti munthu mmodzi angawanyamule m'makatoni awiri n'kuwaika kumbuyo kwa galimoto, ndi omwe boma la dziko lopanga Samsung linaona kuti achuluka.