Ba mulamu, batili ya Altezza si ya PlayStation

Sabata ino sinikamba va oimba. Amene mufuna kudziwa kuti ni ndani wasiyana na ndani, muyembekeze sabata ya mawa, nkhani zija sizitha. Lelo nkhani ili pa banja pathu, ku Emmasdale, ndipo mwini wake wanilola kuilemba malinga sinitchula dzina lake. So tizingowaitana kuti ba mulamu, chifukwa ni amuna a sisi wanga wamkulu.

Ba mulamu akonda vinthu vitatu pa dziko lino: Altezza yao, PlayStation yao, na sisi wanga. Kuti choyamba ni chiti, musanifunse. Nikali kufuna kudyako nsima pa nyumba paja pa Sande.

Amene simudziwa motoka, Altezza ni ija Toyota anapanga kuchokela mu 1998 mpaka 2005, maiko ena anali kuigulitsa pa dzina la Lexus IS. Kutanthauza kuti ngakhale yomaliza kutuluka mu fakitale ni nkhalamba kupambana ambili a imwe amene muwelenga pepa ino. Koma kamba zimenezo pamaso pa mwini Altezza, uzaona. Ilipo ya RS200, ya injini ya 3S-GE, imene ya manual ifika ma horsepower 210. Ilipo na ya AS200, ya masilinda 6, injini ya 1G-FE, ya ma horsepower 160. Zonse zikankha na matayala ya kumbuyo, ndiye chifukwa anyamata a spinning azikonda. Ya ba mulamu ni AS200, ya automatic. Mau aya akuti automatic muyasunge bwino, tizayafuna kutsogolo.

Motoka ija inatsitsidwa pansi mpaka ngakhale kabotolo ka Mosi sikangapite kunsi kwake. Pa mahampu ya mu Sheki Sheki Road ba mulamu akwela cha m'mbali monga nkhanu, kumbuyo ma basi ya ku Matero yali kuliza ma huta, kondakita atulutsa mutu pa windo kutukwana. Iwo ziii, ati bampala ni yodula. Wailesi yake ni ija ya ku Japan imene ithela pa 90, so amvela chabe Hot FM na Phoenix, Komboni Radio aimvela mu motoka za anzao. Kumapeto kwa mwezi, ERB ikatsala pang'ono kulengeza mitengo ya mafuta, muzawapeza pa foni monga munthu oyembekezela ma results ya Grade 12. Mtengo ukakwela, athamangila pa filling station 24:00 ikalibe kukwana. Ukatsika, akamba monga ni iwo anakambilana na boma. Ikani pamwamba road tax, fitness na inshuwalansi, muona kuti motoka ija idya monga mwana wachiwili.

Vonse ivi sisi anali kupilila. Mwamuna wotsuka motoka pa Chiwelu aliko bwino kupambana wosowa pa Chisanu nobwela pa Mande. Vuto inabwela na malaiti.

Mukumbuka 2024. Mvula inakana, pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ni tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba yanatsika, ndipo pa 11 March ZESCO inayamba load shedding ya maola 8 pa tsiku. Tinadandaula, osadziwa kuti apo tinali pa honeymoon. Pofika September, madela ambili yanali kuona malaiti maola 3 chabe, nthawi zina pakati pa usiku pamene ngakhale mfiti zagona. Ometa, owotchelela ma geti ku Garden, azimai ogulitsa ma freezit, onse nchito inaima. Pa mndandanda wa ovutika, munthu wolephela kutaya FIFA ali kumapeto kwenikweni, nivomela. (Inde nidziwa, gemu ija inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Mu komboni ikali FIFA, monga mankhwala yonse yotsukila mano yakali Colgate.) Koma ba mulamu sanaone kuti ali kumapeto. Anaona kuti dziko yawalakwila iwo pa okha.

Tsiku lina anabwela kuchoka mu town na ka inveta mu pulasitiki. Anatsegula boneti, sipanala nambala 10 m'manja, kumasula batili, kuinyamula monga mwana wakhanda mpaka mu sitting room. Ma waya yawili, yofiila na yakuda, TV yayaka, router yayaka, PS4 yalila ka "bip" kaja. Anyamata a mu yadi anaombela m'manja. Ine nemwine ninaombako, sininganame, ninali na pad m'manja.

"Mulamu, waona? Ma engineer sibali ku UNZA chabe."

Manje tiyeni tichite masamu yamene tonse awili sitinachite tsiku ija. Batili ya motoka ya mtundu uja ili na ma volt 12 na ma amp-hour pafupifupi 45. Mukachulukitsa, ni ma watt-hour 540. Koma batili ya asidi siifunika kutsika kupitilila hafu, so yanu yeniyeni ni 270. Inveta nayo idyako yake posandutsa 12 kukhala 230, mutsala na 230 yakeyo kapena kuchepelako. PS4 pamene mutaya gemu ikoka ma watt opitilila 100, TV ya ma inchi 43 ikoka 60 kapena 70, router 10. Vonse pamodzi vili pafupi na 200. Ndiye kuti ola imodzi na ka mphindi pang'ono, mwafika kale pa malile. Ma gemu 4 ya bola, mwina 5 ngati palibe ma penalty. Ise tinali kutaya mpaka inveta iyambe kulila yokha kuti yatopa.

Ndipo nkhani si kukula kwa batili chabe, ni mtundu wake. Batili ya motoka anaipanga kuti ipeleke mphamvu yaikulu kwa masekondi yawili kapena yatatu, injini ilile, basi, alternator ibweze vamene vachoka. Ma plate yake ni yopyapyala. Ili monga wothamanga 100 metres, imwe mwamutuma kuyenda pansi kuchoka pa Kabwe Roundabout mpaka ku Kabwe kwenikweni. Mukaitsitsa kwambili kawilikawili, ma plate yagwila vimiyala va sulphate, ndipo tsiku na tsiku isunga moto wochepa. Ikadzala bwino ionetsa 12.6 pa mita, pa 12.2 ili pa hafu, pansi pa 12 yayamba kupempha thandizo. Ya solar, imene atcha deep cycle, ndiye anapangila nchito yotsika na kukwela. Ba mulamu njila yao yochajila inali kubweza batili mu motoka m'mawa, kujampisa na ya ba neba, nosiya injini ilila pa yadi. Injini ya 2.0 yongoima imwa pafupi na lita imodzi pa ola. Munthu amene athamangila filling station usiku kuti apulumutse ma ngwee anali kuotcha petulo kuti Arsenal iwine pa TV.

Ba neba amene nikamba ni mai wina wamkulu, agulitsa salaula ku Soweto, ali na ka Vitz kofiila. Ba mulamu kaja anali kukatcha wilibala ya ma windo. Mai uja anali kungoseka nowabweleka ma jampa.

Inapita miyezi iwili. Usiku wina mwana wa sisi, wa zaka 3, anatentha thupi. Madzulo anamupatsa Panado, kunaoneka monga kwatsika. Cha m'ma 02:00 mwana anayamba kugwedezeka, maso kuyang'ana kumwamba. Ine ninagona komweko tsiku ija chifukwa tinachedwa na gemu, ndipo kukuwa kwa sisi sinizakuiwala. Nyumba yonse mdima. Foni yanga 4%, ya ba mulamu yozima, chifukwa socket ya pa inveta tinaipatsa PlayStation. Batili ili pansi pa tebulo mu sitting room, sipanala siioneka. Tinaipeza mu mphika wa maluwa, musanifunse. Ba mulamu manja yali kunjenjema, amanga ma terminal na ka tochi ka foni yanga, alowa, apotoza kiyi.

Tike-tike-tike. Malaiti ya pa dashboard yachita monga kandulo pa mphepo.

Anayesa kachiwili, kachitatu. Anyamata a mu yadi anauka, ati tiyeni tikankhe. Tinakankha mpaka pa geti, mpamene wina anakumbuka kuti automatic siilila na kukankha, ngakhale muikankhe mpaka ku Chisamba. Sisi anaima pa khomo na mwana mu chitenge. Sanakalipe. Anakamba chabe motsitsa mau kuti, "Imwe, gogodani kwa ba neba." Kukalipa kukanakhala bwino.

Mai uja anatuluka na duku kumutu, kiyi ili kale m'manja, sanafunse na funso. Wilibala ya ma windo inalila kamodzi chabe. Pa mahampu inapita mosapatuka. Mphindi zochepa tinali pa chipatala ku Matero. Anamwino anati ni kugwedezeka kumene kubwela thupi ya mwana ikatentha kwambili, anamupima, anapeza matenda ya pa khosi, anamupatsa mankhwala. M'mawa anali kupempha Jiggies. Ali bwino, manje ayenda na ku sukulu ya mkaka. Koma pa benchi paja ba mulamu anakhala maola atatu osakamba kanthu, girisi ili m'manja, ndipo ine sininapeze nthabwala ngakhale imodzi, ine amene nilipilidwa kuti nizipeza.

Sinilemba izi kuti niseke anthu okonda magemu, ine ndine mmodzi wa iwo. Mnyamata wosewenza mu shopu ku Kamwala kuchoka 08:00 mpaka 17:00, kuimilila tsiku yonse, akafika pa nyumba ali na ufulu wa ola yake imodzi ya pad. Ni yotchipa kupambana bala, ndipo palibe amene anamenyedwapo botolo pa Gran Turismo. Chimene nikana ni ka mzimu kathu kaja kakuti chilichonse chili na waya tingachigwilizanitse, Mulungu azaona. Naona anthu achaja batili ya asidi mu chipinda chogona, mawindo yotseka, osadziwa kuti ikamachaja itulutsa mpweya wa hydrogen umene ugwila moto na ka spark kamodzi. Naona genset ili kulila mu kolido chifukwa panja akawalala angaitenge. Utsi wake uli na carbon monoxide, ilibe fungo, igoneka banja yonse tulo tosauka. Ivi si va ma engineer, ni vamene munthu afunika kuuza mnzake pa basi.

Ngati mufuna gemu pa nthawi ya mdima, njila ilipo, koma iyamba pang'ono. Router payokha igwila na ka UPS kang'ono ka ma volt 12, kaja kooneka monga power bank yonenepa, ndipo WiFi ikhala maola angapo. TV na console vifuna batili yakeyake, deep cycle kapena ya lithium imene alemba LiFePO4. Ya lithium idula pogula, koma ipilila kutsika na kukwela kambilimbili pamene ya asidi yafa kale. Inveta funsani ya pure sine wave. Zija zotchipa za modified zipangitsa TV kung'ung'uza na ma chaja kutentha. Ndipo malaiti yakayenda, zimitsani pa khoma, chifukwa pobwela nthawi zina yabwela na ukali. PS4 nayo siikonda kuzimidwa mwadzidzidzi, amene munaonapo ka uthenga kaja kakuti iyamba yaona storage mudziwa m'mene mtima uimila. Ba mulamu alota Starlink kuchokela pamene inafika mu Zambia mu October 2023. Ninawakumbutsa kuti mbale ija nayo idya malaiti, kupambana router kangapo. Anati nili na mtima wa nsanje.

Batili ya Altezza inafelatu, ba makanika anaipima nopukusa mutu. Kuti agule ina, ba mulamu anagulitsa subwoofer ya mu buti, ija inali kugwedeza malata ya anthu kuchoka pa Vubu Road mpaka ku Chaisa. Emmasdale yonse iyamikila. Analowa na chilimba cha ku nchito, mwezi wao ukafika ati ni batili ya lithium, ngakhale sisi akamba kuti iyamba kugwila filiji, TV pambuyo. Sipanala nambala 10 manje ikhala mu handbag ya sisi, pamodzi na kadi ya ku kiliniki ya mwana.

Pa Chiwelu chapita ninapitako m'mawa. Ninapeza ba mulamu na ndowa na ka siponji, malaya avula, ali kutsuka ka Vitz kofiila mpaka na ma rim. Altezza inali pambali, ikali na fumbi, kuyembekezela.

"Ba mulamu, nanga wilibala?"

"Iwe mulamu, nkhala zii. Bweletsa polish."