Njedza za ku Chilwa

Munthu wopita ku Nyanja ya Chilwa nthaŵi zambiri sayamba kuona madzi. Choyamba kumulonjera ndi njedza, zomera zobiriŵira zimene zazinga nyanjayi, makamaka cha kumpoto kwake.

Njedza zimatalika kuposa munthu wamkulu, ndipo zina zimafika mamita atatu. Masamba ake ndi aatali ndiponso aphanthiphanthi ngati lamba. Munthu akadula tsamba limodzi amapeza kuti m'kati mwake muli timabowo tambirimbiri. Timabowoti timatsitsira mpweya ku mizu imene ili m'matope, ndipo n'chifukwa chake njedza siziola ngakhale zikhale m'madzi chaka chathunthu. Pakati pa masamba pamatuluka phesi loongoka, ndipo kunsonga kwake kumabereka ngala yofiirira yonga ya mchewere. Ngalayi ikakhwima imasweka nitulutsa ubweya woyera ngati thonje. Ubweyawo umauluka ndi mphepo utanyamula timbewu tating'ono kwambiri. Nayo mizu imayanga pansi pa matope niphukira mphukira zatsopano apa ndi apo.

Zomerazi zimakonda madzi osaya ndi odekha. Ku Chilwa zinapeza malo abwino. Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira madzi m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo, kotero madzi ake ali ndi kamchere. Gumbwa sakondwa ndi madzi otere, koma njedza zimapirira.

Pali anthu amene amati njedza ndi tchire lachabe. Iwo amadandaula kuti zimatseka njira za mabwato, zimasunga udzudzu, ndiponso zimadya malo amene pakadalimidwa mpunga. Madandaulo aŵa si abodza. Msodzi amene wakhala akukankha bwato lake ndi mponda m'kanjira kopapatiza kuyambira mbandakucha sangaziyamikire njedza tsiku limenelo.

Komabe msodzi yemweyo akadya nsima ya matemba, wadya mphatso ya njedza. Masamba akale akagwa m'madzi amaola nasanduka chakudya cha tizilombo ting'onoting'ono, ndipo tizilomboto ndito timanenepetsa nsomba. Ana a matemba, a milamba ndi a makumba amabisala m'mapesi a njedza kufikira atakula. Mbalame za m'madzi zimamanga zisa m'menemo. Madzi amatope ochokera ku mapiri akafika m'njedza amachepa liŵiro, matope natsalira pomwepo osakakwirira nyanja. Anthu nawo amaluka mphasa ndi kufolera nyumba ndi masamba ake, ndipo asodzi ena amamanga timisasa toyandama, totchedwa zimbowera, pakati penipeni pa njedza. Chuma cha mbalame ndi nsomba chimenechi ndicho chinachititsa kuti Chilwa alembedwe m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse lapansi.

Nyanja ya Chilwa imaphwa zaka zina, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Pa nthaŵi yotere m'pamene njedza zimaona tsoka, pakuti anthu amazitentha ndi kugaula malowo. Kumweta ndi chikwakwa sikuononga kanthu, chifukwa mizu imatsala ndipo imaphukanso madzi akabwera. Moto ndiwo woipa, popeza susankha: umapsereza mazira ndi anapiye a mbalame pamodzi ndi udzu umene anthu akadafolera. Khasu likatsatira pambuyo pa moto, limazula ndi mizu yomwe, ndipo madzi pobwerera amapeza bwalo lopanda pobisala nsomba.