Impso yoikidwa ikachedwa kudzuka sikuti yafa

Ku Malawi kuno sitinayambe kuika impso ya munthu wina m'thupi la wodwala. Munthu wa ku Madisi kapena ku Ntchisi amene impso zake zaleka kugwira ntchito amadalira makina osefa magazi a ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ochepa okha ndiwo amakaikidwa impso kunja, makamaka ku India. Banja likagulitsa ng'ombe ndi fodya kuti m'bale apite, limayembekeza kuti akangotuluka ku opaleshoni impsoyo iyamba ntchito tsiku lomwelo. Ine ndikuona kuti mabanjawa aziuzidwa asananyamuke kuti nthawi zina sizitero.

Impso ina imagona kaye. Mkodzo umachepa, ndipo wodwala amabwezeredwa pa makina sabata yoyamba isanathe. Izi zimachitika kwambiri impso ikachokera kwa munthu amene wamwalira, monga amachitira ku South Africa ndi ku America: wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi amakumana nazo. Chifukwa chake n'chakuti impsoyo imakhala maola ambiri mu ayezi popanda magazi oyenda, timachubu take tosefa timavulala, ndiye timafuna masiku kapena masabata kuti tichire. Impso ya m'bale wamoyo imachotsedwa n'kuikidwa nthawi yomweyo, choncho siichedwachedwa kudzuka. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa abale athanzi kuti asamathawe kukayezedwa. Munthu amakhala bwinobwino ndi impso imodzi.

Impso zambiri zogonazi zimadzuka. Pasakhale kuloza zala kuti wopereka anali ndi mtima woipa kapena kuti kumudzi wina walodza. Chofunika ndi ndalama yapadera ya malo ogona ndi makina, popeza ulendo ungatalike.

Koma impso imene inachedwa kudzuka ndi yosavuta kuti thupi liikane, ndipo apa ndi pamene inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo mumafunika wodwala akabwerera kumudzi. Mankhwala oletsa thupi kukana impso, monga tacrolimus, asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Asamwe bulufeni, diclofenac kapena zitsamba. Akatentha thupi, akatupa miyendo, mkodzo ukachepa kapena pamene anaika impso pakamapweteka, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndi mapepala ake onse a kunja, kuti atumizidwe msanga ku Lilongwe.