Anyani athamangitsidwe ndi chilindo, osati wonga wopanga tokha

Alimi anzanga, tsiku lina ndikugula mbewu ya anyezi mu msika wa Zomba anandikoka dzanja mnyamata wina amene amalima m'munsi mwa phiri, cha ku njira yopita ku Domasi. Iyeyu wakhalako ku Joni zaka zingapo akugwira ntchito pa famu. Anatsegula jumbo nkundionetsa makoko a zipolopolo zowomba kale za mfuti ya chifefe, odzaza manja awiri. Akuti bwana wake kumeneko sankagula zipolopolo. Madzulo aliwonse a Loweruka ankakhala pa tebulo nkumadzaza yekha makoko akale, ngati mmene ena amakhalira pa bawo. Funso lake linali lachidule: "Achimwene, inu munapita kusukulu ya zaulimi, kodi ine ndiyambire pati? Anyani andimaliza."

Ndinamuuza kuti asayambe nkomwe. Ndikulembanso pano chifukwa ndikudziwa kuti maganizo amenewa sali mwa iye yekha.

Zoti anyani amumaliza sindikutsutsa. Amene sanaonepo gulu la anyani litatsika m'phiri la Zomba chimanga chili mondokwa asaweruze. Nyani sadya chimanga ngati munthu wanjala. Amathyola, kuluma kawiri, kutaya, kuthyolanso china. Ola limodzi ndi lokwana kuti feteleza wangongole apite pachabe. Usiku nazo nguluwe zimabwera kudzafukula chinangwa ndi kachewere. Pamene mitengo yachilengedwe ikutha m'phirimu ndi makala ndi moto wolusa, nyamazi zikupeza kuti nkhokwe yapafupi ndi munda wanu. Mkwiyo wa mlimi ndi womveka.

Koma tiyeni tione chimene bwana wa ku Joni uja amachita. Ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola munthu amene ali ndi chiphaso cha mfuti kudzaza yekha zipolopolo za mfuti yakeyo. Ku America nakonso ambiri amachita zimenezi ngati chosangalatsa. Anthu amenewa amagula wonga wa kufakitale wodziwika mtundu wake, ali ndi makina ofinyira, mabuku a miyeso, ndiponso sikelo yoyeza kanthu kopepuka kuposa njere ya mapira. Muyeso wawo amautcha grain, ndipo ma grain 15 ndiwo amangokwana galamu imodzi. Kuphonya pang'ono pokha, mfuti imaphulikira m'manja. Chifefe chikalira, mphamvu ya mpweya mkati mwa mpope wake imaposa ya m'tayala la galimoto maulendo oposa 300. Kodi zimenezi nzoyeza ndi kachitsekero ka botolo, pakhonde, mwana akusewera pambali?

Ine ndili ndi chifukwa changa cholankhulira mokalipa. Malume anga anali ndi gogodela, mfuti yakale ija yothira wonga kukamwa, imene mpope wake unachita kusulidwa pamudzi. Anaigwiritsa ntchito zaka zambiri popanda vuto, mpaka tsiku limene mnzawo anawapatsa wonga wochotsa m'zipolopolo zamakono, amvekere umenewu ndiye wamphamvu. Anali kunena zoona. Wonga wamakono, uja wosafuka utsi wambiri, ndi wina ndi wonga wakuda wa makolo, ndipo chitsulo cha gogodela sichingaupirire. Ndinali mu Sitandade 6. Ndimakumbukira anthu akuwanyamula pa njinga, dzanja litakulungidwa chitenje cha azakhali. Zala zitatu zinatsalira kumunda. Chaka chimenecho anyani anadya mwaufulu, pakuti mwini munda anali m'chipatala ndipo azakhali anali kumudikirira. Mpaka lero malume sagwira khasu bwino.

Palinso lamulo. Kuno kwathu lamulo la mfuti la 1967 silinathe ntchito. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ndipo kudzipangira ndiye kuwonjeza mlandu pa mlandu. Dziko lino lili ndi chifukwa chokhalira tcheru. Akuluakulu akukumbukira mfuti za AK-47 zimene zinalowa muno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndi zina zimene zinamwazika asilikali atalanda zida a Payoniya mu Disembala 1993. Wapolisi akakupezani ndi jumbo ya makoko ndi wonga sayamba wafunsa za chimanga chanu. Nalo lamulo la nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, moti masiku ano mlandu wa nyama si wolipira nkhuku kwa amfumu ayi.

Ngakhale titati ngozi ndi lamulo tiziike pambali, mfuti siyithetsa vuto la anyani. Mukawomba mmodzi, gulu limathawa masiku awiri kapena atatu, kenaka limabwerera litaphunzira. Limadziwa chipewa cha mwini mfuti, limadziwa nthawi imene amapita kutchalitchi. Nyani saopa mfuti yotsamira kuchipinda. Amaopa munthu amene ali m'munda, makamaka bambo. Mwana wamng'ono amamuderera, ndiye kujombetsa ana kusukulu kuti akalondere ndi kuluza kawiri.

Chimene ndachiona chikugwira ntchito m'minda ya m'mphepete mwa phiri nchotopetsa, ndipo mwina nchifukwa chake anthu sachikonda. Nthawi yoopsa si chaka chonse. Ndi kuyambira pamene chimanga chabereka kufikira chitauma, pafupifupi miyezi iwiri, cha mu Febuluwale mpaka Epulo. Anyani amagona m'matanthwe ndi m'mitengo usiku, amatsika dzuwa likatuluka ndiponso chakumadzulo. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi oyandikana minda akamanga chilindo chimodzi chachitali kumalire ndi nkhalango, nkumasinthana masiku, aliyense amalondera tsiku limodzi kapena awiri pa sabata mmalo mwa masiku onse. Pafunika agalu awiri, legeni, ndi chitini choimba. Tchire la pakati pa munda ndi nkhalango lilambulidwe kuti nyani aonekere patali, chifukwa sakonda kudutsa poyera. Kwa nguluwe, ngalande yakuya m'malire ndi moto wa pachilindo usiku zimathandiza.

Kubzala nakonso kukhale kopangana. Amene watsogola yekha ndi mbewu yocha msanga waitanira gulu lonse m'munda mwake. Ndipo mizere yoyamba kuchokera kunkhalango si malo a chimanga. Ikanipo tsabola, adyo kapena jinja. Sindikunama kuti nyani sangazule zimenezi posewera, koma sizimukoka kuchoka kuphiri, chonsecho mu msika wa Zomba zili ndi mtengo woposa wa chimanga cha malo omwewo.

Boma nalo lisangodziwa kuletsa. Ngati mlimi akuuzidwa kuti asawombe, pakhale wina wobwera akaitanidwa. Alenje a boma othana ndi nyama zovutitsa ayenera kumapezeka m'nyengo ya mondokwa, osati kufika mu Juni mapesi ali gwaa. Amfumu ndi alangizi alembe minda yoonongeka chaka ndi chaka, ndi mayina ndi kukula kwake, kuti popita kwa bwanamkubwa tizinyamula pepala mmalo mwa madandaulo apakamwa.

Mnyamata uja sanakondwe ndi yankho langa. Anati chilindo ndi ntchito ya agogo. Ndamuuza kuti makokowo akawasiye kupolisi, ndipo Loweruka likubwerali tikwere limodzi kwa malume akawapatse moni wa padzanja. Akatero ndidzamuthandiza kuyeza malo a tsabola.