Phindu limathera panjira: werengani ulendo musanakwere galimoto

Nyengo yokolola yapitayi ndinanyamula matumba khumi a soya kuchoka kwathu ku Mitundu kupita nawo ku Lilongwe. Mnzanga anali atandiuza kuti m'tauni mtengo wakwera, ndiye venda amene anabwera ndi sikelo pakhomo ndinamubweza. Nditabwerera madzulo, mayi a kunyumba anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, mwapindula zingati kuposa zimene amakupatsani wapakhomo uja?" Ndinayamba kuwerenga ndi zala, ndipo zala zisanathe ndinazindikira kuti tsiku lonse ndagwirira ntchito mwini galimoto.

Ambiri a ife amalonda ndi alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje timadziwa kulima ndiponso kunenerera mtengo, koma timafooka pa chinthu chimodzi: timanyamuka tisanawerenge. Maganizo anga ndi akuti kope la mwana wasukulu ndi cholembera zingateteze mpamba wathu kuposa mtengo wabwino uliwonse umene timauthamangira m'tauni.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta, inu muikapo mitengo ya tsiku limenelo. Muli ndi matumba khumi a makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 500. Pa Mitundu akugula K1,000 pa kilogalamu, m'tauni K1,100. Kusiyana kwake ndi K50,000, ndipo mtima wayamba kale kudumpha. Tsopano chotsani. Galimoto ikulipiritsa K2,500 pa thumba, yapita K25,000. Inuyo kupita ndi kubwera, K10,000. Anyamata okweza ndi kutsitsa, K5,000. Chiphaso cha msika, nsima ya masana ndi mayunitsi, K5,000 ina. Mwatsala ndi K5,000, ndipo ntchito ya kudimba yagona tsiku lonse. Mukapezanso kuti mtengo watsika m'mawa womwewo, mugulitsabe, chifukwa palibe amene amabwerera ndi katundu mtunda wa pafupifupi makilomita 40. Ogula a m'tauni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sapupuluma akaona munthu watsitsa matumba.

Masamu omwewo amasintha anthu anayi akaphatikiza katundu. Matumba 40 amapereka kusiyana kwa K200,000. Galimoto K100,000, okweza ndi kutsitsa K20,000, koma woperekeza katundu ndi mmodzi, choncho thiransipoti yake ndi chakudya zikhalabe K15,000. Zotsala ndi K65,000, aliyense K16,250, atatu osachoka n'komwe pakhomo. Komanso amene ali ndi matumba 40 amanenerera ndi mwini galimoto, pomwe wa matumba khumi amangouzidwa mtengo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makalabu ndi makopaletivu a alimi anakhazikitsidwa pa chifukwa chomwechi.

Musananyamuke, tsamba limodzi la kope liyankhe mafunso angapo. Ndikukagulitsa kwa yani, ndipo ndamuimbira foni dzulo? Walonjeza mtengo wanji, alipira pompo kapena mawa? Msika wake ndi uti? Wa tomato, kabichi ndi mbatata amene akulowera ku Wakawaka ayenera kufika m'mamawa opikula asanabalalike, pomwe wa mtedza ndi soya amene akupita ku Mgona, mbali ya ku Kanengo, adziwe kuti adutsa tauni yonse ndipo mtengo wa galimoto sungafanane. Lembaninso mtengo wotsikitsitsa umene simungavomere kupyola pamenepo. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo mlimi amene akuidziwa sanamizidwa msanga. Katundu mumuyeze muli kwanu, mulembe kulemera kwa thumba lililonse. Sikelo ya malonda imayenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo kufunsa za chidindo chake si mwano. Safunsa anadya phula.

Ulendo umodzi ugwire ntchito zingapo. A ku Nathenje ali pa msewu wa M1, galimoto sizisowa, ndipo n'chifukwa chake ena amapita m'tauni katatu pa sabata: lero kukagula mbewu, mawa kubanki, mkuja misomali. Ife a ku Mitundu timadalira msewu wa ku Bunda, koma nafenso timachita chimodzimodzi. Mukalemba zosowa zonse za mwezi, tsiku logulitsa likhalanso tsiku logula ku Malangalanga ndi lokaonana ndi achibale, ndipo galimoto imene yapita ndi soya ibwerera ndi malata. Ndalama zambiri musayende nazo m'thumba pa depoti. Airtel Money ndi TNM Mpamba zilipo, kungoti ndalama yodula potapa nayonso ilembedwe m'kope ngati gawo la ulendo.

Kope lomwelo ligwirenso ntchito pa zitukuko za pakhomo. Yendani m'midzi yathu muone nyumba zimene zinaima pa mawindo, njerwa zikusungunuka ndi mvula chaka chachitatu. Eni ake si aulesi. Vuto n'lakuti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi, kuyambira Epulo pamene okushoni ya fodya imatsegulidwa ku Kanengo mpaka cha mu Julayi soya ndi mtedza zikatha, koma zofuna ndalama zimabwera chaka chonse. Mu Seputembala sukulu zimatsegulidwa. Mvula isanagwe mu Novembala kapena Disembala pafunika mbewu ndi feteleza. Mu Januwale fizi ibweranso, nthawi yomwe chimanga chimakhala chitakwera mtengo ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Amene wathira ndalama yonse pa khoma mu Juni amakagogoda kwa wakatapila mu Januwale, kapena amagulitsa soya akadali m'munda pa mtengo wolira nawo.

Choncho ndalama ikangolowa, igaweni papepala musanaigawe pamanja: chakudya cha banja mpaka kukolola kwina, zipangizo za ulimi, fizi ya matemu onse atatu, kangachepe ka matenda ndi maliro. Zotsalazo ndiye za nyumba. Nyumbayonso muidule m'magawo oti lililonse lithe m'chilimwe chimodzi. Mmisiri akuwerengereni njerwa, matumba a simenti, mitengo ya denga ndi malata musanakumbe maziko, ndipo mugwirizane malipiro a gawo lililonse pamaso pa mboni. Ngati ndalama sikwanira kufika pa denga chaka chino, ndi bwino kugula malata n'kuwasunga kusiyana ndi kukweza khoma loti likanyowe.

Ndikudziwa zimene ena anene. Akuti mitengo ya m'Malawi muno siilola munthu kukonzekera, lero ili apa mawa ili apo. N'zoona. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo simenti, feteleza ndi thiransipoti zinakwera motsatira. Mafuta akasowa, mtengo wa minibasi umasintha m'mawa umodzi. Koma taganizani amene anavulala kwambiri nthawi imeneyo. Ndi uja anasunga ndalama pansi pa matiresi akudikira "nthawi yabwino". Amene anali atalemba zofunika n'kugula feteleza ndi malata ndalama itangolowa anagona tulo. Kusakhazikika kwa mitengo ndi chifukwa chokonzekera msanga, komanso chosiyira mpata pa bajeti iliyonse, mwina K1,000 pa K10,000 iliyonse.

Ena akuti kulemba ndi kwa ophunzira. Amayi a banki m'khonde amalemba masheya ndi ngongole sabata iliyonse, ambiri a iwo sanafike sekondale, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka ndalama imakwana. Ngati maso akuvuta, mwana wa Sitandade 6 akhoza kulemba inu mukunena, ndipo naye aphunzirapo. Chofunika n'chakuti bambo ndi mayi alione limodzi kopelo, chifukwa ndalama imene mmodzi yekha akuidziwa ndi imene imasowa pa tsiku la msika.

Ine kope langa ndinagula sabata yomwe ija. Tsamba loyamba lili ndi funso la mayi a kunyumba lija, ndipo ndimaliyankha ndisanaitane galimoto. Kawiri konse landiuza kuti ndigulitse pa Mitundu pomwepa, kamodzi landituma m'tauni pamodzi ndi anzanga atatu. Inunso sabata ino, musanamange matumba, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu muwerenge ulendowo mpaka pa kwacha yomaliza.