Netiweki ikacoka, nayo nthawi ya bandulo iime

Kuno ku Mambwe foni si ya anyamata okha. Mlimi wa thonje ku Msoro amafunsira mitengo pa foni, uthenga wa feteleza wa FISP umafika pa foni, ndipo akulu a mpingo ku Jumbe, ku Masumba ndi ku Mfuwe amaitana misonkhano pa WhatsApp. Conco nkhani ya mabandulo a intaneti ndi yathu tonse.

Dandaulo lathu ndi ili. Munthu agula bandulo ya tsiku limodzi m'mawa. Masana netiweki icoka, mwina cifukwa magetsi azima ndipo mabatire a pa nsanja atha mphamvu. Pamene ibwera m'mawa mwake, bandulo yatha kale nthawi. Ndalama yapita, nchito siinagwirike. Tinaziona kwambiri mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse.

Kuti timvetse bwino, kampani ya mafoni ili ndi makompyuta a nchito ziwiri. Ena ali ngati kalaliki: amalemba zimene mwagula, zimene mwagwiritsa nchito ndi ola limene bandulo idzatha. Ena ali ngati wapolisi wa pa msewu: amayang'anira nsanja zonse, amaona yodzaza ndi yozima, ndipo amacepetsa kapena kuonjezera liwiro la intaneti.

Kalaliki ndi wapolisi ameneyu amakambirana kale. N'cifukwa cake bandulo ikatha intaneti imaduka nthawi yomweyo, ndipo yochedwa "yopanda malire" imayamba kuyenda ngati kamba mukapyola muyeso umene kampani inaika. Tsono tifunsa: ngati awiriwa amamvana msanga pofuna kutidula, alephera bwanji kumvana nsanja ikazima? Kompyuta idziwa ola limene nsanja inazima ndi limene inayakanso. Idziwanso manambala amene anali kudalira nsanjayo. Kubweza maola otayikawo sikungaikanike.

Sitikana kuti kuyendetsa netiweki m'cigwa ca Luangwa n'kovuta. Dizilo ya majenereta ndi yodula, ndipo Lupande akadzaza m'dzinja amisiri amavutika kufika pa nsanja zina. Koma wogulitsa akalephera kupereka katundu, sasunga ndalama ya wogula. Ife alimi, sikelo ikaonetsa kuti thumba lacepa, amatidula mtengo pomwepo. Muyeso umenewo ugwire mbali zonse ziwiri.

Anzathu kwina anayamba kale kukonza zotere. Ku South Africa, bungwe la ICASA linaika malamulo amene anayamba kugwira nchito mu 2019. Kumeneko kampani iyenera kucenjeza wogula akagwiritsa nchito 50 peresenti, 80 peresenti ndi 100 peresenti ya bandulo. Iyenera kumupatsa njira yopititsira zotsala kutsogolo kapena kupatsako mnzake, ndipo siiloledwa kudya tokotaimu yake bandulo ikatha popanda iye kuvomera. Zonsezi zimatheka cifukwa makompyuta olipiritsa ndi oyang'anira netiweki ndi olumikizana.

M'dziko lathu tili ndi ZICTA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009 kuti liyang'anire makampani monga Airtel, MTN ndi Zamtel ndi kuteteza ogula. Kwa iwo tipempha zinthu zitatu. Coyamba, nsanja ikazima, nthawi ya bandulo iime ndipo maola abwezedwe popanda munthu kupita ku Chipata kukadandaula. Caciwiri, muyeso umene liwiro limacepera uzilembedwa poyera, m'Cinyanja, munthu asanalipire. Cacitatu, monga mmene a Zambia Metrology Agency amapimira masikelo a malonda, nayo sikelo yopimira intaneti izipimidwa ndi anthu osakhala a kampani, ndipo zotsatira zizilengezedwa pa wailesi.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Gulu lililonse la alimi ndi mphakati uliwonse usankhe munthu mmodzi wolemba m'kabuku tsiku, ola ndi mudzi pamene netiweki yacoka. Pakutha pa mwezi, mlembi wa parishi asonkhanitse zolembazo, atumize ku kampani, ku ZICTA ndi kwa khansala. Mutu umodzi susenza denga. Dandaulo la munthu mmodzi limathera pa foni, koma kabuku kocokera kwa a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama n'kovuta kukanyalanyaza.