Galasi la minibasi lija tilipire tonse

Ambiri mwa inu munamva kale zimene zinachitika Lachitatu lina chakumapeto kwa teremu yatha. Anyamata a timu ya sukulu anali pabwalo pamodzi ndi mphunzitsi wa zamasewero. Mnyamata wina wa Fomu 3 anamenya mpira mwamphamvu kulunjika golo la kumunsi, mpirawo unakwera, unadumpha mpanda, n'kukamenya galasi lakutsogolo la minibasi imene inkachokera kuno ku Bangwe kupita ku Limbe. Galasi linang'aluka kuchokera pakona mpaka pakati. Dalaivala anadzidzimuka n'kukhotetsa galimoto, koma anaigwira. Alhamdulillah, palibe amene anavulala. Pamene mphunzitsi ankathamangira kumsewu, theka la timu linali litazemba kale kudzera kuseri kwa makalasi.

M'mawa mwake mwini minibasi anafika ku ofesi ndi pepala la mtengo wa galasi latsopano, ndipo ndalama yake ikuposa fizi ya mwana mmodzi ya teremu yonse. Izi sizodabwitsa. Magalasi a galimoto amachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Mpaka lero bamboyo sanalandire kanthu, chifukwa ife tikadali kukokanakokana. Ena akuti alipire makolo a mnyamatayo. Ena akuti galimoto iliyonse ili ndi inshulansi, ndiye bamboyo apite kumeneko. Enanso akungoti tsoka silinunkha, aliyense apirire.

Ife amene timalemba tsamba lino tikuti ngongoleyi ndi ya sukulu, kutanthauza tonsefe: aphunzitsi, makolo ndi komiti ya mzikiti imene imayang'anira malo ano.

Tiyambe ndi za inshulansi, chifukwa apa ndi pamene ambiri tasokonezeka. Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshulansi ya third party. Inshulansi imeneyi imalipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Minibasi ija ikadagunda mpanda wathu, ikadagwira ntchito. Koma siilipira chimene chaonongeka pa galimoto ya mwiniyo. Imene imatero ndi ya comprehensive, ndipo ndi yokwera mtengo. Bambo uja anationetsa pepala lake: ali ndi third party basi. Choncho kumuuza kuti apite ku inshulansi n'chimodzimodzi kumuuza kuti alipire yekha.

Ngakhale akadakhala ndi comprehensive, sitikadapuma. Nthawi zambiri mwini galimoto amayamba walipira gawo lina kuchokera m'thumba mwake, lomwe amalitcha excess, kenako kampani imamaliza kotsalako. Ikatero, kampaniyo imalowa m'malo mwa mwini galimoto, ndipo imakhala ndi ufulu wolondola amene anachititsa ngoziyo kuti aibwezere ndalama zake. M'malo mwa bambo wofika pageti atavula chipewa, tikadalandira kalata ya loya.

Nanga amene anachititsa ngoziyo ndani? Funso limeneli makhothi anayamba kulimbana nalo kalekale, ndipo chodabwitsa n'chakuti mlandu wofanana kwambiri ndi wathu unachokera ku gofu, masewero amene ambirife timangowaonera patali tikamadutsa ku Blantyre Sports Club kapena ku Country Club ku Limbe. Malamulo athu pa nkhani za kuonongerana katundu anachokera ku England, ndipo maloya ndi oweruza athu amawerengabe zigamulo za kumeneko.

Mu 1922, khothi ku England linamva mlandu wa Castle ndi kalabu ya gofu ya St Augustine's Links m'chigawo cha Kent. Mbali ina ya bwalo la kalabuyo inkatsata m'mphepete mwa msewu, ndipo timipira ta gofu tinkagwera mumsewumo kawirikawiri. Tsiku lina kampira kanamenya galasi lakutsogolo la takisi, chidutswa cha galasi chinalowa m'diso la dalaivala, diso n'kuonongeka. Khothi linagamula kuti kalabuyo ilipire, chifukwa ndi iyo inaika malo omenyera mpira pafupi ndi msewu wa anthu onse, ikudziwa kumene mipira imagwera.

Pali mlandu wina umene unatha mosiyana, wa Bolton ndi Stone. Mu 1947 mayi wina ku Manchester anamenyedwa ndi mpira wa cricket ataima mumsewu pafupi ndi nyumba yake. Khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mu 1951 kuti kalabu ilibe mlandu. Bwalolo linali ndi mpanda wautali, mayiyo anali kutali ndi pomenyera, ndipo umboni unaonetsa kuti mpira unatulukapo pafupifupi kasanu ndi kamodzi kokha pa zaka 30. Oweruza anati munthu wanzeru sakakamizidwa kutchinga ngozi imene mwayi woti ichitike ndi wochepa chotere.

Wachitatu ndi umene watisowetsa tulo. Mu 1961, pa mlandu wa Hilder, kampani ina ya simenti inkalola ana kusewera mpira wamiyendo pamalo ake amene anali ndi khoma lalifupi m'mbali mwa msewu. Mpira unatuluka, munthu woyendetsa njinga yamoto anagwa n'kumwalira. Khothi linapeza kampaniyo yolakwa, ngakhale kuti amene anamenya mpirawo anali mwana wa eni. Aliyense amene waimapo pageti pathu nthawi yoweruka akudziwa kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza mumsewu uwu, zina zitanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, opanda chipewa chodzitetezera.

Tsono tidzifunse moona mtima kuti pa milandu itatuyi wathu ukufanana ndi uti. Sipakufunika loya. Funsani amayi amene amagulitsa mandasi ndi tomato kunja kwa mpanda kuti pa sabata amatiponyera mpira kangati. Funsani alonda athu. Golo la kumunsi linayang'ana kumsewu chimangireni bwaloli, ndipo mpanda wa mbali imeneyo mnyamata wamtali amasuzumira popanda kunyanyamphira. Tonse takhala tikuona mpira ukudumpha, tonse takhala tikuseka ana akamauthamangira pakati pa magalimoto. Amene akuti tsoka silinunkha atikhululukire: ili linanunkha zaka zambiri.

Za makolo a mnyamata uja, tinene izi. Mwanayo sanaponye mwala, sanalowe pabwalo mozemba, sanachite mwano. Anali pa nthawi imene sukulu inaika, pamalo amene sukulu inasankha, akuchita chimene mphunzitsi anamuuza, kumenya mpira kulunjika golo. Akadagoletsa tikadamuombera m'manja. Ndiponso m'malamulo amene tatchulawa, kholo silikhala ndi mlandu pa chifukwa chokhacho chakuti ndi kholo. Pamafunika kuonetsa kuti nalo linanyalanyaza china chake. Mayi wa mnyamatayu anali kumsika pa nthawiyo. Ananyalanyaza chiyani?

Pa zokambirana zoyamba, mmodzi wa mashehe athu anatikumbutsa mfundo imene sitingailambalale. M'malamulo a Chisilamu, woononga chuma cha mwini amayenera kubweza ngakhale sanachite dala. Kusachita dala kumachotsa tchimo, koma sikufafaniza ngongole, ndipo mabuku a fiqh amayang'ana choyamba kwa amene chinthucho chachitika ndi dzanja lake. Tikuvomereza, ndipo mfundoyi ikutseka pakamwa aliyense wofuna kuti mwini minibasi angopirira. Koma mabuku omwewo amaphunzitsanso za aqila: munthu akapha mnzake mwangozi, dipo lake silisiyidwa pamutu pake yekha, abale a mtundu wake amasonkherana. Ngati zili choncho pa nkhani yaikulu ngati imeneyo, palibe chotiletsa ife kusenza galasi limodzi m'malo mwa mwana amene tinamutuma tokha. Mtundu wa wophunzira ali pabwalo la sukulu ndi sukuluyo.

Pali inshulansi imene inapangidwira zinthu ngati izi, yotchedwa public liability. Imalipira munthu wakunja amene wavulala kapena kuonongeredwa katundu chifukwa cha zochitika pamalo panu. Makampani a inshulansi amene Reserve Bank of Malawi imawayang'anira amagulitsa, ndipo kufunsa mtengo salipiritsa. Tikudziwa kuti ena mu komiti ya mzikiti ali ndi nkhawa ndi inshulansi wamba chifukwa cha riba ndi kusatsimikizika kwa chimene munthu akugula. Nkhawa imeneyi si yopeputsa, ndipo ndi yomwe inabala takaful: kampani yoyamba ya mtunduwu inatsegulidwa ku Sudan mu 1979, ndipo dziko la Malaysia linaukhazikitsira lamulo lake mu 1984. Mu takaful anthu amaponya ndalama m'thumba limodzi ngati chopereka, amene wagweredwa vuto amathandizidwa kuchokera m'menemo. Kwa anthu amene tinazolowera kusonkherana pa maliro ndi pa ukwati, izi si zachilendo. Mashehe atiunikire njira yoyenera. Chimene sitingavomere ndi kukana inshulansi, n'kukananso thumba, kenako n'kukhala chimanjamanja ngati mmene tililimu.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Thumba la makolo lingakwanitse galasi, mwinanso galasi ndi nyali. Silingakwanitse chipukuta misozi cha munthu amene wathyoka msana kapena banja limene lataya bambo. Choncho ndalama yoyamba ipite kumpanda. Mapolo anayi achitsulo ndi ukonde wautali kumbuyo kwa golo la kumunsi ndi ntchito imene owotcherera a konkuno angaigwire pa masiku ochepa, ndipo pakati pa makolo athu alipo odziwa ntchitoyi. Pamene tikudikira, kumenya mashoti kuzichitikira kugolo la kumtunda, kumene mpira ukasochera umagwera m'munda wa sukulu. Zimenezi sizifuna tambala.

Wina anafunsa kuti tikalipira uyu, kodi dalaivala aliyense wa galasi long'aluka kale sadzabwera kudzanamizira mpira wathu? Funsoli n'lomveka, pakuti magalasi ong'aluka mumsewu wa Bangwe si osowa. Yankho lake ndi buku. Mpira ukakhudza galimoto kapena munthu, mphunzitsi alembe nthawi, nambala ya galimoto ndi mayina a mboni, ajambule ndi foni pompo, ndipo ngati chaonongeka n'chachikulu nkhani ikafike kupolisi. Galasi la minibasi lija mphunzitsi wathu analiona ndi maso ake, mng'alu uli watsopano, chidindo cha fumbi la mpira chikadali pomwepo.

Kwa inu ophunzira: kuthawa kuja kunatichititsa manyazi, ndipo dalaivala anakwiya kwambiri ndi kuthawako kuposa galasi. Komabe tikumvetsa chimene munkaopa. Munkadziwa kuti amene agwidwe ndiye auzidwe kuti akaitane kholo lake ndi ndalama, ndipo mukudziwa mmene zinthu zilili kunyumba. N'chifukwa chake tikupempha komiti kuti ilembe poyera kuti ngozi ya pamasewero a sukulu ndi ya sukulu. Zikalembedwa, sipadzakhalanso chifukwa chothawira, ndipo wothawa adzalangidwa chifukwa cha kuthawako. Zoponya miyala kapena kusewera mumsewu mutaweruka ndi nkhani ina, imeneyo mudzayankha nokha ndi makolo anu.

Nkhaniyi ili pa mndandanda wa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi Loweruka loyamba la mwezi wamawa, ndipo mtengo wa galasi, wa mapolo ndi wa ukonde udzawerengedwa pamenepo. Mwini minibasi akuyendabe ndi galasi lomata ndi tepi, ndipo akuti apolisi apamsewu amuimitsa kale kawiri. Mnyamata uja akubwera m'kalasi, koma chitsegulireni teremu ino sanapondeko pabwalo.